Msampha wa pa Nambala Eyiti

Lucius Tarver ankasunga mangawa ngati mmene mlimi amasungira mbewu: pouma, posafika anankafumbwe, kudikira mvula yake. Amene anamusungira Keaton Hollis anali atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, koma ukanawaona ukanati ndi adzulo.

Ntchito ya Lucius inali yosaka osewera. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala ankakhalira pachiwongolero, kuzungulira makoleji a ku Mississippi, Alabama ndi Louisiana, kuonera anyamata a zisoti akugundana pabwalo pa mpira wa ku America uja woponya ndi manja, n'kumalemba m'kabuku kuti uyu adzautha mpira wa akuluakulu, uyu abwerere kwawo azikagulitsa magalimoto. Hollis anachita kumutola ndi iyeyo, ali kamnyamata kongochoka kumene pasukulu, kosadziwa ngakhale khomo lolowera alendo pabwalo. Anamuphunzitsa zonse, mpaka chinsinsi chimene asaki ena amafa nacho. Anamuuza kuti kochi amanama, dokotala wa pakoleji amabisa, mayi wa mwana amakometsa, ndiye ukafuna zoona za wosewera uzipita kuseri, ukacheze ndi amene amachapa majezi.

Mwanayo anakula n'kukhala bwana wosankha osewera ku timu ya ku Sacramento, Lucius n'kukhala pansi pake. Chaka choyamba chenichenicho Lucius anakakamira mnyamata wina dzina lake Ozell, wothamanga ngati waba. Anamusankha. Ozell anasewera magemu asanu okha, mowa ndi mapiritsi n'kumumaliza. Zotere zimachitika, ndipo aliyense wa ntchito imeneyi ali ndi Ozell wake. Koma Hollis anaima pamaso pa atolankhani, tayi ili bwinobwino, n'kunena kuti, "Tinalakwitsa kumvera maso okalamba." Pasanathe mwezi, khadi ya Lucius inakana kutsegula geti. Mlonda anamubweretsera katundu wake panja, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zitakwana m'katoni imodzi. Hollis sanatsike n'komwe kudzamutsanzika.

Zaka ziwiri Lucius anazithera pagalaja ya mlamu wake, akupopa matayala a anthu amene ankamufunsa kuti, "Kodi si inu a maso okalamba aja?" Amene anamuchotsa pamenepo anali Mayi Corinne Vasko, bwana wosankha osewera ku Portland, munthu wosachulutsa mawu. Anangomuimbira foni n'kumuuza kuti abwere Lachiwiri ndi kabuku kake.

Hollis naye, Ozell anamusiyira mantha. Kuchokera nthawi imeneyo ankasankha osewera odalirika okhaokha: zimphona zotchinga kutsogolo kuteteza woponya mpira, ana a m'mafamu, osamwa, osayankha kochi, amene sangakuchititse manyazi komanso sangakubweretsere chikho. Fodya wake anali wa pamphuno basi. Timu sinkafa, sinkadzukanso. Ochemerera anatopa, mwini timu naye anatopa, ndipo mphekesera inazungulira ligi yonse kuti wamuuza Hollis kuti pa chisankho chikubwerachi abweretse nyenyezi, apo ayi alongedze.

Nyenyeziyo Lucius anaipeza mu Novembala, pa kakoleji kena ku Mississippi komwe mabenchi ake ndi amatabwa. Dzina lake anali Jovante Moultrie, wowakha mipira. Zaka makumi atatu akuonera mpira, Lucius anali asanaonepo manja otero. Woponya wa timu imeneyo anali wopanda chandamale, mpira unkangopita komwe wafuna wokha, koma Jovante ankautola m'mwamba ndi dzanja limodzi, anthu awiri atamukangamira, n'kutera pansi akuthamanga kale. Tsiku limenelo anagoletsa katatu dzuwa lisanapendeke.

Gemu itatha, asaki anzake anathamangira kwa kochi kukanamizidwa. Lucius anazungulira kuseri atanyamula bokosi la nkhuku yokazinga, kukapeza Mayi Odessa, amene anayamba kuchapa majezi a pakolejipo Jovante asanabadwe.

"Mwabwera ndi nkhuku, ndiye kuti mukufuna miseche," anatero mayiwo akutsegula bokosi.

"Ine miseche? Ndabwerera ukwati uja, mayi. Chaka chatha munati muganizire."

"Ndaganizira. Mwamuna wogona m'galimoto ndikamuika pati ine?" Anatafuna kanthawi akumuyang'ana, kenako analoza ndi fupa chitseko cha chipinda choumitsira zovala. "Mukalowa musayatse getsi."

M'katimo munali mdima ndi fungo la sopo. Jovante anali atakhala pansi, atatsamira makina, thaulo lonyowa lili kumaso.

"Ndine Tarver, wa ku Portland," anatero Lucius. "Zayamba liti?"

Mnyamatayo anayankha thaulo likadali kumaso. Mwina anali atatopa nako kusenza yekha, chifukwa atayamba kulankhula sanabise kanthu.

"Seputembala, bambo. Tinagundana chisoti ndi chisoti ku Alabama. Ndinadzuka msanga, palibe anaona. Kuchokera pamenepo gemu ikatha kuwala kumandilasa m'maso, ndimasanza. Nthawi zina ndimachita kufunsa ngati tawina."

"Adokotala akuti bwanji?"

"Mafunso awo ndinawaloweza. Ndikanena, anditenga ndani? Amayi anga ayamba kale kuuza anthu kutchalitchi." Anachotsa thaulo lija, maso atatsinzina. "Inu mwaona anthu ambiri. Zimatha izi?"

"Zimatha zikapeza madokotala abwino. Usauze wina aliyense, wamva? Nkhani iyi undisiyire ine. Oyenera kudziwa ndikawauza ndekha, timu yokutenga ikakusamala."

Ananena zimenezo ndi mtima woona, pamenepo tisamunamizire. Mtima unatembenuka ali m'galimoto, kabuku kali pabondo. Mizere iwiri ikanakwana: mutu unavulala, musamusankhe koyambirira. Cholembera chili m'manja, anakumbukira tayi ya Hollis. Anamuona Hollis akusankha mnyamata uyu, manyuzi akumutamanda kuti tsopano walimba mtima, kenako pakati pa chaka nyenyezi ili m'chipinda cha mdima, Hollis ataimanso pamaso pa atolankhani wopanda wokalamba womuloza chala. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo Lucius anafuna kuti nkhuyu imeneyi ailume ndi Hollis. Anamva kukoma mpaka m'mano. Za mutu sanalembe.

Mu Januwale ndandanda ya chisankho inatuluka. Matimu amatola anyamata a m'makoleji mosinthana, wofooka kuyamba, ndipo Sacramento inagwera pa nambala eyiti, Portland pa naini, kumbuyo kwake kwenikweni. Lucius ataona zimenezo anaseka yekha kukhitchini mpaka khofi anatayika.

Msamphawo unali wosavuta. Hollis ankanyoza maso a Lucius pakamwa pokha, mumtima ankadziwa kuti oposa amenewo kulibe. Akangomva kuti Lucius wafera mnyamata, n'kuganiza kuti akamusiya pa eyiti agwera Portland, timu imene amakumana nayo kawiri chaka chilichonse, adzameza nyambo ndi mbedza yomwe. Koma fungo linayenera kukhala lenileni, chifukwa m'ligi muno khoma lililonse lili ndi bowo. Choncho Lucius analemba lipoti la masamba asanu ndi anayi lotamanda Jovante, n'kulipereka kwa mabwana ake enieni. Anadyanso nthiti zowotcha ndi mtolankhani wina wapakamwa, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu. Mawa lake dziko lonse linadziwa. Madokotala a ligi anamuunika mnyamatayo mu Febuluwale, makina awo sanaone kanthu, mafunso anawakhoza onse.

Mu Malichi adani awiriwa anakumana maso ndi maso, tsiku limene koleji imaitana matimu kudzaonera anyamata ake akuthamanga. Hollis anabwera yekha pa ndege ya mwini timu, zimene bwana sachitira mwana wamba. Anali atanenepa m'khosi.

"Madala, mukadali moyo? Ndinamva munatsegula galaja."

"Ndinatseka, mphwanga. Ndinkadikira matayala ako kuti ndiwapope mpaka aphulike, koma sunabwere."

Hollis anaseka, maso ali pa Jovante amene ankamanga zingwe za nsapato. "Akuti mwamufera uyu. Ndi Ozell wina?"

"Uyu si wako. Iwe katenge chimwana cha ku Minnesota chija, Brekke, chokama ng'ombe. Chidzakutchingira zaka khumi, udzapuma ntchito wopanda chilonda, wopandanso chikho. Uyu amafuna bwana wosanjenjemera."

"Ndiye mukuganiza kuti afika pa naini?"

"Sindikuganiza, ndikudziwa. Ndinakulera ndine. Iwe ukaona luso umatsegula m'mimba."

Makutu a Hollis anafiira. Jovante anathamanga, mawotchi a m'manja makumi anayi anadinidwa pamodzi, anthu n'kuyang'anana. Hollis sanayang'ane yake n'komwe. Analemba kanthu pakapepala n'kuchokapo osatsanzika, ndipo Lucius anayendetsa galimoto mpaka mumzinda wa Jackson akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Ku Portland, m'chipinda chosankhira, khoma lonse ndi bolodi ya maginito, wosewera aliyense ndi kachikwangwani kake. Mayi Vasko anali ndi lamulo lawo: msaki akafuna kuti wosewera wokayikitsa akwere pamwamba, azisaina kuseri kwa kachikwangwaniko. Sabata yomaliza anatsitsa ka Jovante n'kukaika patsogolo pa Lucius.

"Ine mtima wanga uli pa Brekke, a Tarver. Ameneyo ndikudziwa chimene ndikutenga. Wanuyu wasewera ndi timakoleji ta kumudzi, ndipo mtima wanga sukukhazikika naye. Koma ndinakuitanani chifukwa cha maso anu. Pali chimene simunandiuze?"

"Palibe, mayi."

Anasaina pomwepo. Ankadziwa kuti kachikwangwaniko kadzachoka pakhoma pa nambala eyiti, Portland n'kutenga Brekke wake, aliyense n'kumamupepesa Lucius kuti amulanda mwana. Kunamiza munthu amene anamuchotsa pagalaja kunamupweteka pang'ono, koma ankadzitonthoza kuti bodza limene silifika pa naini silivulaza munthu.

Chisankho chinayamba faifi koloko madzulo a Lachinayi, dzuwa likadali pamwamba pa mtsinje wa mumzindawo. M'chipindamo munali anthu makumi atatu, mafoni ali ndandanda patebulo, kanema pakhoma, ndi chakudya chimene chinazizira osakhudzidwa. Timu iliyonse imapatsidwa mphindi khumi. Mayina asanu ndi awiri anatuluka monga aliyense ankayembekezera, kenako wotchi inayamba kuwerengera Sacramento.

Kanema anaonetsa nyumba ya a Moultrie ku Mississippi. Anthu anadzaza pabalaza mpaka pakhonde, abusa, azakhali, ana pamiyendo, Jovante ali pakati atavala suti yoyera ndi magalasi akuda. Oulutsa anaseka kuti mnyamata wayamba kale matama. Lucius yekha ankadziwa ntchito ya magalasiwo, mwakuti nthabwalayo sinamukomere. Maso ake anali pa foni imene inali patebulo patsogolo pa mnyamatayo, kudikira kuti ilire. Mphindi zisanu zinatha. Zisanu ndi zitatu zinatha. Foni inali zii.

"Pa nambala eyiti," anatero wolengeza, "Sacramento yasankha Nils Brekke, wotchinga kutsogolo, wa ku Minnesota."

Chipinda chonse chinadzuka ndi chimwemwe. Ankamumenya Lucius pamsana, wina n'kumupsompsona pa dazi. "Munanena, madala, munanena kuti achita mantha." M'thumba foni yake inanjenjemera. Anaitulutsira pansi pa tebulo. Uthenga unali wa Hollis.

"Mayi Odessa akuti nkhuku yanu inachuluka mchere. Ine ndinawatengera nsomba. Zikomo pondiphunzitsa, madala. Mwanayo ndi wanu, mudye bwino."

Lucius anauwerenga kawiri. Kapepala kaja Hollis analemba mu Malichi, ndege ija, makutu ofiira aja, zonse zinali zomusewera. Mwana amene anamuphunzitsa kugwira wotchi anamusiya akuvina miyezi iwiri pamwamba pa dzenje lokumba yekha.

"Khalani pansi nonse," anatero Mayi Vasko. Wotchi ya Portland inali itayamba kale. Anali ndi tizikwangwani tiwiri m'manja. "Brekke wapita. Wodalirika amene watsala ndi Dunmire wa ku Iowa, wotchinga kumbuyo. Sadzakhala nyenyezi, koma adzasewera Lamulungu lililonse. Winayo mukumudziwa. Funso langa ndi limodzi. Hollis ankafuna nyenyezi kuti ntchito yake ipulumuke, ndiye wamusiyiranji? Adokotala?"

"Kwathu ndi woyera, mayi."

"A Tarver, ndikufunsani komaliza."

Zinatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Lucius akanatha kunena mawu atatu okha, timu n'kupulumuka. Akanachotsedwa ntchito, inde, koma chimene chinamuletsa sichinali ntchito. Chinali choti dzuwa lisanalowe Hollis akanamva kuti wokalamba uja wagwada, waulula yekha pamaso pa anthu makumi atatu. Ndiye anayamba kudzinyengerera, monga amachitira munthu aliyense amene wasankha kale. Mwina mutuwo unapola, poti mpira unatha mu Disembala. Mwina mnyamatayo akhoza kupirira zaka ziwiri. Zaka ziwiri ndi magemu anayi ndi Sacramento, ndipo Lucius anamuona Jovante akudumpha pamwamba pa osewera a Hollis, akuwakha ndi dzanja limodzi, kamera n'kupita pankhope ya Hollis m'chipinda cha mabwana. Kamodzi kokha kakanamukwanira. Za Jovante weniweniyo, wa thaulo kumaso uja, sanaganize ngakhale pang'ono.

"Wamusiya chifukwa ndi wamantha, mayi. Anabadwa choncho. Mtengeni."

Mayi Vasko anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anaika kachikwangwani ka Dunmire pansi. "Chabwino. Muimbireni. Munamupeza ndinu, muyambe ndinu kumuuza."

Umenewo ndi mwambo wa matimu onse. Dzina lisanatumizidwe kwa olengeza, wosewera amayamba waimbiridwa, kuti amveke kuti ali moyo ndipo ali bwino. Foniyo imaikidwa pa sipika kuti chipinda chonse chimve mwana akulira ndi chimwemwe, wojambula wa timu ali pomwepo ndi kamera yake, kuti mawa ochemerera adzaonere. Lucius anali ataimbapo mafoni otere kambirimbiri. Anadina manambala osaganiza kawiri.

Pakanema, foni ya ku Mississippi inawala, nyumba yonse n'kudumpha. Phokoso lomwelo linatulukira pa sipika.

"Jovante, ndine Tarver. Ukufuna kubwera ku Portland?"

"Bambo Tarver." Mawu anali a munthu amene akulira. "Mulungu akudalitseni, bambo. Mulungu akudalitseni."

Anthu m'chipindamo anawomba m'manja. Pakanema mnyamatayo anawerama, anatseka khutu limodzi ndi chala, n'kubisa pakamwa kuti a kwawo asamve. Sankadziwa kuti mbali inayi akumveka mpaka kukhomo.

"Ndiye mwawauza, eti? Za mutu zija. Ndimaopa kuti akadziwa sanditenga. Mwezi uno zawonjeza, bambo, dzana ndinagwa kubafa. Madokotala munanena aja adzandiona liti?"

Manja amene ankawomba anaima. Wojambula anatsitsa kamera yake pang'onopang'ono. Pawotchi panatsala mphindi imodzi ndi timasekondi. Mayi Vasko sanamuyang'ane Lucius. Ananyamula foni ina, yopita kwa munthu wawo amene amakhala pafupi ndi olengeza, n'kulankhula motsitsa.

"Lembani Dunmire. Eya, Dunmire wa ku Iowa. Perekani."

Ku Mississippi ankavinabe. Amayi a Jovante anali atafukula kale chipewa cha Portland m'bokosi la zipewa za matimu onse, akuchikupiza m'mwamba, abusa atakweza manja. Wolengeza anafika pa maikolofoni n'kutchula dzina la Dunmire. Kuvina kunatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi ndi kanema mpaka kwa a pakhonde. Mayi aja anatsala atagwira chipewa. Jovante anavula magalasi kuti aone bwino, kuwala kwa makamera kunamulasa, n'kutsinzina.

Matimu onse m'dzikoli anaona zimenezo. Anaona mnyamata akuimbiridwa, anaona akusiyidwa foni ili kukhutu, ndipo palibe bwana amene sakanafunsa kuti Portland yamva chiyani. Lucius ankaidziwa ntchito yake: foni imeneyo sinkaliranso tsiku limenelo, mwina ngakhale mawa lake chisankho chikamapitirira. Pamenepo m'pamene manyazi anamufika, ochedwa, opanda ntchito.

"Bambo Tarver?" Mawu anatuluka pa sipika, aang'ono. "Alakwitsa kuwerenga kapena? Bambo Tarver, mukundimva?"

Lucius anatambasula dzanja kuti adule foni. Mayi Vasko anamugwira pamkono.

"Ayi," anatero. "Muyankheni. Tonse tikumvetsera."